Akwati akauma gwa pamaso pa kamera, tingawamasule bwanji?

Mphatso: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mwakhalitsa pa ntchito yojambula maukwati. Akwati ambiri amavina bwinobwino polowa mu holo, amaseka ndi anzawo, koma ikafika nthawi ya zithunzi zawo awiri amauma gwa. Mapewa m'mwamba, manja lende, maso tong'o ngati akujambulitsa chithunzi cha chiphaso. Ukawauza kuti "masukani" zimangoipiraipira. Kodi pali njira yeniyeni yowathandizira, kapena zimangotengera chibadwa cha anthuwo?

Bambo Chirwa: Mphatso, vuto likuyambira pa mawu omwewo. Munthu ukamuuza kuti "masukani" ndiye kuti wamuuza kuti akuoneka womangika, wamuwonjezera nkhawa ina pamwamba pa imene anali nayo kale. Komanso kumasuka si chinthu choti munthu angachite ndi dzanja kapena mwendo. Muziwapatsa zochita zimene thupi likuzidziwa kale. Poyambira pabwino ndi kuyenda. Aimikeni patali mamita 10 kapena 15, agwirane manja, abwere kwa inu pang'onopang'ono, theka la liwiro limene amayendera masiku onse, akuyang'anana okhaokha osati kuyang'ana inu. Abwereze katatu. Ulendo woyamba amayenda ngati asilikali pa perete, wachiwiri mmodzi amaponda diresi n'kuyamba kuseka, wachitatu ndi umene umabala chithunzi. Munthu amene akuyenda sangaumitse mawondo ndi mapewa nthawi imodzi, thupi limakana lokha. Mphindi 5 zoyambirira muziziwerengera ngati zotaya. Dinani kamera, yamikirani, koma musayembekezere kanthu, cholinga chake n'choti makutu awo azolowere kulira kwa kamerayo. Zithunzi zoyandikira nkhope zibwere kumapeto.

Mayi Nambewe: Zoona bambo Chirwa, koma ine ndikuona kuti chimene chimaumitsa akwati kwathu kuno si kamera kwenikweni. Ndi maso a anthu. Taganizirani: mkwati akuuzidwa kuti agwire mkazi wake m'chiuno, apongozi ake ali poteropo, ankhoswe ali poteropo, azibusa ndi amayi a mvano sanachoke, ana azungulira, ndipo anthu khumi akweza mafoni. Mnyamata woleredwa bwino sangamasuke pamenepo, ndipo sitiyenera kumuona ngati wolephera. Akuchita zimene anaphunzitsidwa, kuti pamaso pa akulu sugwiragwira mkazi. Ndiye musanaganize za kaimidwe kapena lenzi, chotsani akwatiwo pagulu. Sizifuna ulendo wautali. Kuseri kwa tchalitchi, kumbuyo kwa mpanda wa maluwa, pakhonde la mbali ina, bola asaone nkhope ya wachibale wamkulu. Otsala akhale anthu awiri okha: woperekeza mkwatibwi wamkulu wokonza diresi ndi velo, ndi munthu wanu wogwira reflector, chipangizo chobwezera kuwala pankhope. Ngakhale operekeza akwati enawo adikire kugalimoto, chifukwa anyamata amakonda kukuwiza mnzawo, iye n'kuyamba kusewera m'malo mokhala ndi mkazi wake. Mphindi 20 za anthu anayi zimabala zithunzi zabwino kuposa ola lathunthu la pakati pa chinamtindi.

Limbani: Mayi, nanga achibale sakhumudwa? Azakhali achokera ku Mzimba kapena ku Nsanje, ena atsika basi ya ku Johannesburg dzulo lomweli, ndiye wojambula, mwana wamng'ono, akuwauza kuti achoke?

Mayi Nambewe: Wojambula asathamangitse munthu ndi pakamwa pake, achimwene. Nkhaniyi imakambidwa sabata ya ukwati isanafike ndi akwati komanso wapampando wa komiti ya ukwati, ndipo pa tsikulo amene amalankhula ndi ankhoswe kapena wotsogolera mwambo. Mawu ake akhale oti "tiyeni titsogole ku holo, akwati atipeza", osati "chokani". Ndipo achibale muyambe mwawakhutiritsa. Zithunzi za magulu ziyambe, akuluakulu n'kukhala oyamba chifukwa satha kuima nthawi yaitali. Munthu amene wajambulidwa kale amachoka mtima uli m'malo. Lembani magulu papepala, asapitirire 10 kapena 12, gulu lililonse muliwerengere mphindi 3. Mbali iliyonse ipereke munthu mmodzi wodziwa achibale kuti aziitana mayina. Mukasiya kuti aliyense azingolowa, akwati amaima mphindi 90 akumwetulira mokakamiza, ndipo pofika nthawi yawo masaya atopa, palibenso chimene mungatulutse.

aGondwe: Ndiwonjezere mdani wina amene anthu samutchula: dzuwa. Maukwati ambiri amadalitsidwa Loweruka m'mawa, madyerero n'kuyamba cha m'ma 1 kapena 2 koloko, ndiye zithunzi zimagwera pakati pa 11 ndi 1. Nthawi yoipa kuposa imeneyi palibe. Kuno dzuwa limafika pachimake isanakwane 12, ndipo kumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala limakhala paliwombo penipeni cha m'ma 11:30. Munthu woima pamtetete nthawi imeneyo amatsinzina, chipumi chimachita makwinya, maso amalowa mumdima, mphuno n'kuwala. Mungamuseketse bwanji, nkhope ikulimbana ndi dzuwa. Ambiri amene timawanena kuti ndi omangika amakhala atangothobwa m'maso.

Funani mthunzi wokhuthala. Mtengo wa mango ndi wabwino chifukwa masamba ake ndi othithikana. Jakaranda amakongola mu Seputembala ndi Okutobala, koma mthunzi wake ndi wobooka, umasiya madontho a kuwala pankhope ndi padiresi, ndiye muuike kumbuyo ngati chokongoletsa, osati pamwamba pa akwati. Mukapeza mthunzi musawalowetse mkatikati. Aimikeni sitepe imodzi kuchokera m'mphepete mwa mthunziwo, nkhope zitayang'ana kunja kowala, kuti kuwala kofewa kulowe m'maso. Khonde la tchalitchi ndi khomo lalikulu lotsegula zimagwira ntchito yomweyo. Chenjerani ndi kapinga wowala dzuwa amene ali patsogolo pawo, amaponya mtundu wobiriwira pansi pa chibwano, ndipo tenti yabuluu kapena yofiira imadetsa khungu moti pokonza pakompyuta mudzavutika. Mthunzi ukasoweratu, dzuwa likhale kumbuyo kwawo, inu muwalitse nkhope ndi reflector, mbali yoyera osati yasiliva, chifukwa yasiliva imathobwa ngati dzuwa lomwelo. Masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi ku Blantyre ndi ku Thyolo mitambo imakugwirirani ntchito yonseyi yokha.

Mphatso: aGondwe, pamthunzi ngati pamenepo kamera muyiika bwanji? Diresi yoyera ndi khungu lakuda zimavuta kuzigwirizanitsa.

aGondwe: Poyambira pake: ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) 200, f/2.8 (kukula kwa bowo la lenzi lolowera kuwala; nambala ikachepa, bowo limakula), shutter (kanthawi kamene kamera imatsegula kuti kuwala kulowe) 1/500 ya sekondi ngati akuyenda, 1/250 ngati aima. Musatsike pansi pa 1/250, chifukwa kuseka kwenikweni kumagwedeza mutu, ndipo chithunzi chimene mumachifuna kwambiri ndi chimene chimatuluka chosaoneka bwino. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona kuti mudzakonze bwino pakompyuta. Yatsani chenjezo lija lophethira pa sikirini pamene zoyera zawala mopitirira muyeso, kenako kwezani kuwala mpaka diresi itangoyamba kuphethira pang'ono, n'kubwerera pang'ono. Pamenepo khungu limakhala lowala mokwanira ndipo nsalu sinataye maluwa ake. Mukaisiya kamera isankhe yokha, ikaona diresi yoyera yadzaza chithunzi imadetsa zonse, nkhope n'kuzimiririka.

Za f/1.8 samalani nazo. Lenzi ya 85mm (nambala ya mm ikakula, lenzi imakokera zinthu pafupi) pa f/1.8, mutaima mamita 2, malo ooneka bwino ndi pafupifupi masentimita 6 okha. Mkwati akangokhala kumbuyo pang'ono kwa mkwatibwi, mmodzi watayika. Pa anthu awiri f/2.8 mpaka f/4, pa magulu a mizere iwiri f/5.6, mizere itatu f/8. Ndipo padzuwa la masana f/1.8 imafuna shutter yopitirira 1/4000, pamene makamera ambiri oyambira amalekeza.

Chifukwa chimene ndikunenera zonsezi pa nkhani ya kumasuka ndi ichi: konzani manambala akwati asanaime. Imikani mnzanu pamalopo, yesani, malizani. Wojambula akaweramira pa sikirini, nkhope itakwinyika, akupotokola mabatani ali chete, mkwatibwi samaganiza kuti vuto ndi ISO. Amaganiza kuti iye ndiye sakuoneka bwino.

Tadala: Ine mbali yanga ndi yodzoladzola akwatibwi, ndiye ndilankhule zimene ojambula simuziona. Mkwatibwi amadzuka cha m'ma 3 kapena 4 koloko m'bandakucha kuti akonzedwe tsitsi ndi nkhope. Ambiri sadya chifukwa cha mantha kapena kuopa kudetsa milomo. Pofika 11:30 wakhala maola 7 kapena 8 opanda kanthu m'mimba, ali mu diresi yothina pachifuwa, nsapato za gogoda zikumuluma. Nkhope ya njala simwetulira. Musanayambe zithunzi zawo awiri, apatseni mphindi 5 akhale pansi pamthunzi, amwe madzi ndi kapaipi komwera kuti zopaka m'milomo zisachoke, adye nthochi kapena bisiketi. Zamafuta ndi zakumwa zofiira ayi, dontho limodzi padiresi limawononga mtima wa tsiku lonse. Gogoda pa kapinga amamira, ndiye mayi amaima molimbitsa miyendo kuopa kugwa. Diresi ikakhala yaitali avale nsapato zafulati, palibe adzaone.

Thukuta musalipukute mochita kukhula. Tengani tishu, mupatule kuti atsale wopyapyala, munthu adinde pachipumi, pamphuno ndi pamwamba pa mlomo, kenako paudala pang'ono. Paudala wina woyera amaoneka bwino ndi maso, koma fulashi ikamenya molunjika amatuluka ngati phulusa pansi pa maso. Mukafika pamene akukonzedwa m'mawa, tolani chithunzi chimodzi ndi fulashi asananyamuke, wodzoladzola aone, akonze nthawi ikadalipo. Mkwati nayenso avule jekete m'galimoto, aivale pofika, ndipo akhale ndi kampango m'thumba la mkati.

Bambo Chirwa: Zikomo Tadala, zimenezo n'zofunika kwambiri. Tsopano za thupi lenilenilo. Yambirani pansi, osati kunkhope. Munthu akaima mapazi onse mofanana, chifuwa chitalunjika kamera, amaoneka ngati akuimba nyimbo ya fuko. Mutembenuzeni pang'ono, ngati theka la njira yopita chammbali, phazi limodzi kumbuyo, kulemera konse kukhale pa phazi lakumbuyolo, bondo lakutsogolo lipindike pang'ono. Mapewa amatsika okha.

Kenako manja. Manja opanda ntchito ndi amene amaulula mantha. Maluwa akhale pa mchombo, osati pachifuwa. Mkwatibwi wamantha amawakweza mpaka kuphimba khosi, zigongono zitakanikiza nthiti, mkono n'kuoneka wonenepa kuposa mmene ulili. Muuzeni kuti dzanja ligunde fupa la m'chiuno, pakati pa mkono ndi thupi patsale kampata. Mkwati dzanja limodzi m'thumba la buluku, chala chachikulu kunja, linalo pamsana pa mkazi wake, zala zitagona, osati kukumba ngati akugwira thumba la chimanga. Atulutse foni, makiyi ndi chikwama m'matumba. Jekete ya mabatani awiri amange lam'mwamba lokha, akakhala pansi amasule.

Chibwano ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mukanena kuti "kwezani mutu" amakweza mpaka mukuona m'mphuno, mukati "tsitsani" khosi limapinda pawiri. Nenani kuti "bweretsani chipumi kwa ine pang'ono, ngati kamba akutulutsa mutu", kenako atsitse chibwano pang'onong'ono. Kwa iye zimamveka zachilendo, koma pachithunzi nsagwada imaoneka bwino. Pomaliza mpweya: "kokani mpweya, tulutsirani pakamwa". Dinani pamene akumaliza kutulutsa, milomo yangotseguka pang'ono.

Musanene kumanja kapena kumanzere, chifukwa kumanja kwanu ndi kumanzere kwawo, ndipo munthu akalakwitsa kawiri amachita manyazi. Nenani "cha ku mtengo uko", "cha kugalimoto". Kuposa apo, chitani inuyo ndi thupi lanu, iwo atsanzire. Ndipo mawu oti "ayi, si choncho" asatuluke. Kaimidwe kakakanika, dinani ndithu, nenani "chabwino, tiyeni tiyese kena", n'kupitirira.

Limbani: Nanga kungopita n'kumukonza munthuyo ndi manja, kumutembenuza phewa kapena chibwano? Zimafulumira kusiyana ndi kufotokoza.

Mayi Nambewe: Zimafulumira koma zimawononga. Bambo wachilendo akagwira nkhope kapena chiuno cha mkwatibwi mwamuna wake akuona, onse awiri amauma, ngakhale asanene kanthu. Pa ukwati wa Chisilamu ndiye musayese n'komwe, ndipo funsiranitu kuti ndi zithunzi ziti zimene banja likulola. Velo, tsitsi, mkanda wopotoka, zonsezi ndi ntchito ya woperekeza uja. Kapena muuzeni mkwati akonze yekha: "achimwene, tsitsi lagwera pa diso la mayi, talibwezeretsani." Kamera ikhale yokonzeka, chifukwa pamene akukonza tsitsilo ndi pamene pali chithunzi chenicheni. Tayi ya mkwati ikapotoka, mkwatibwi ndiye aiwongole.

Limbani: Ndamva mayi. Ndiye ndiike zanga za kuseketsa. Kuwerenga "wani, thuu, firii" kumapha nkhope, chifukwa munthu amakonzekera, pofika pa firii wayanika mano koma maso alibe kanthu. Nthabwala zoloweza nazonso sizigwira, makamaka zonena za usiku wa ukwati, zimangochititsa manyazi. Chimene chimagwira ndi funso limene yankho lake akulidziwa awiri okhawo. "Achimwene, anong'onezeni m'khutu dzina limene munawasunga nalo mufoni poyamba." "Nonse lozani amene amachedwa kuyankha meseji." "Ndani anayamba kupereka moni tsiku loyamba?" Inu yankho simukulifuna, mukufuna zimene nkhope zichite. Kamera ikhale pa burst, kutola zithunzi zambiri motsatizana mukadina, ndipo musasiye kudina kuseka kukangoyamba kutha. Pachimake pa kuseka maso amatsekeka, pakamwa yasa, mutu chagada. Masekondi awiri otsatira, pamene akubwerera n'kuyang'anana, ndi pamene pali chithunzi chopachika pakhoma. Mafunso atatu kapena anayi akwana. Mukachulutsa amazindikira kuti ndi machenjerero, amayamba kuseka mokusangalatsani inu.

Mayi Nambewe: Apa ndisiyane nanu pang'ono, achimwene Limbani. Zimene mwanenazo zimagwira, sindikukana. Koma tisatenge ngati kuti chithunzi chachilengedwe ndi cha mano pamtunda basi. Zithunzi zambiri zimene akwati amatisonyeza pa Instagram ndi pa Pinterest ndi za anthu amene anakulira kumene kukumbatirana pamsewu si nkhani. Kwathu kuno alipo atsikana amene alangizidwa kuti pa tsiku la ukwati asamangoseka, azikhala zyoli, mwaulemu. Alipo abambo amene chimwemwe chawo sichifika pa mano, chimangooneka m'maso. Mukawakakamiza kuti aziseka ngati a pa intaneti, mupeza chithunzi chowala, koma mayi ake akachiona adzati "ameneyu si mwana wanga". Mkwatibwi akuyang'ana pansi pa maluwa ake, mwamuna akumuyang'ana chammbali, ndi chithunzi chokongola zedi, ndipo n'chawo. Ntchito yathu ndi kusiyanitsa kudekha ndi mantha. Wamantha nsagwada imalimba, zala zimafinya maluwa, mpweya amaugwira. Wodekha zala zili phee, mapewa ali pansi, kungoti saseka. Woyambayo muthandizeni. Wachiwiriyo musamuvutitse, mujambuleni momwemo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu ofatsa amafuna kuti wojambula atsitse mawu, achepetse malamulo, nthawi zina angokhala chete masekondi 10.

Limbani: Apo sinditsutsa. Kungoti chete wa wojambula ali pawiri. Chete woti kamera ili kumaso, iwo akudziwa kuti zikuyenda, ndi wabwino. Chete woti watsitsa kamera akukanda mutu kusowa chochita, ameneyo amaopsa. Ndi bwino kukhala ndi makaimidwe 5 okha m'mutu, otsatizana mosavuta: kuyenda, kuima moyang'anana, mkwati kumbuyo kwa mkwatibwi, kukhala pansi, ndi aliyense payekha. Pa kalikonse tolani chathunthu, cha theka, ndi choyandikira. Zimenezo ndi zithunzi 15 zosiyana popanda kuwasuntha kwambiri.

Bambo Chirwa: Pa nkhani ya kupsompsonana, funsani mudakali kokambirana mtengo, osati pa tsikulo. Ena amafuna, ena sakufuna kuti chithunzi chotero chidzafike pa WhatsApp ya banja. Amene sakufuna ali ndi zambiri zolowa m'malo: zipumi kugundana maso atatsinzina, mkwati kupsompsona pachipumi kapena padzanja la mphete, mkwatibwi kutsamira mutu paphewa. Amene akufuna auzeni ayandikire pang'onopang'ono n'kuima kutatsala chala chimodzi. Milomo ikagundana mphuno zimaphwanyika, nkhope sizionekanso. Kampata kotsalako ndi kamene kamakongola, ndipo nthawi zambiri amaphulika kuseka ali pomwepo. Mkwati akakhala wamtali kwambiri asawerame msana. Atangadze miyendo pang'ono ngati chithunzicho ndi cha theka, kapena mkwatibwi aime pa sitepe ya tchalitchi, kapena onse akhale pansi.

aGondwe: Mtunda wa pakati pa inu ndi iwo nawonso umalankhula. Lenzi ya 24mm kapena 35mm imakukakamizani kufika mita imodzi kuti mudzaze nkhope. Pamenepo munthu akumva mpweya wanu, ndipo mphuno imakula, makutu n'kuchepa. Ndi 85mm mumaima mamita 3 kapena 4, ndi 70-200mm mpaka 8 kapena 10, akwati amatha kunong'onezana inu osamva, ndipo amaiwala kuti mulipo. Koma musapite kutali moti muzichita kukuwa, chifukwa kukuwa kumaitana anthu aja munawachotsa. Ngati kamera yanu ili ndi shutter yosalira, igwiritseni ntchito pa nthawi zachete ngati zimene anena mayi Nambewe. Pa kuyenda ndi kuseka isiyeni ilire, kulirako kumawauza kuti akuchita bwino.

Mphatso: Nanga amene ali ndi lenzi yobwera ndi kamera yokha, ya 18-55mm? Kapena foni basi?

aGondwe: Ya 18-55mm muikokere ku 55, mubwerere m'mbuyo ndi miyendo. Pa 55 imatsegula mpaka f/5.6 yokha, ndiye kumbuyo sikufewa kokha. Thandizani poika akwati kutali ndi zakumbuyo, mamita 5 kapena kuposa kuchokera ku khoma kapena maluwa, ndipo mumthunzi kwezani ISO ku 400 kapena 800 kuti shutter isatsike. Ndalama ikapezeka, lenzi yoyamba kugula ndi 50mm f/1.8. Pa makamera a Canon ndi Nikon a sensa (kachipangizo kolandira chithunzi mkati mwa kamera) yaing'ono imaona ngati 75 kapena 80mm, yokwanira bwino pa nkhope. Pa foni dinani 2x, muigwire pa msinkhu wa chifuwa cha munthuyo, ndipo yambani mwapukuta galasi lake, chifukwa mafuta a zala amachititsa chifunga.

Tadala: Funso kwa ojambula: kuonetsa mkwatibwi zithunzi pa kamera ntchito ili mkati kumathandiza kapena kumasokoneza? Ena akaona amayamba kudandaula za mkono kapena mimba.

Bambo Chirwa: Kamodzi kokha, ndipo musankhe inu. Pakatha mphindi 6 kapena 7, mukapeza chimodzi chimene mukudziwa kuti chagwira, pitani mukawaonetse chomwecho, kamera ili m'manja mwanu, osawalola kupitiriza kuona zina. Munthu amene ankaopa kuti sakuoneka bwino akadziona wakongola, mapewa amagwa nthawi yomweyo. Koma akaona zotsinzina ndi zoyasamula, mwataya zonse. Ndipo zimene munthu sakonda pa thupi lake muzidziwiretu. Funsani padera, mwaulemu: "pali mbali imene mumakonda pojambulidwa?" Wina ali ndi chipsera, wina dzino loguluka, wina ndi woyembekezera ndipo sakufuna zionekere, wina akufuna zionekere. Mukadziwa mumangomuimika moyenera osatchula kanthu. Wovala magalasi asawavule ngati amavala masiku onse, chifukwa popanda iwo amatsinzina ndipo abale samuzindikira. Akweze timiyendo ta magalasiwo pang'ono pamwamba pa makutu kuti galasi liweramire pansi, kunyezimira kumachoka.

Mayi Nambewe: Tibwerere pa magulu pang'ono, chifukwa kumenekonso anthu amauma, ndipo nthawi zina chifukwa chake si manyazi. Funsani ankhoswe zinthu izi lisanafike tsiku: makolo onse alipo? Ngati wina anamwalira, akuimira ndani? Ngati anasiyana, angaime pamodzi? Kuitana mokweza kuti "bambo a mkwatibwi abwere" pamene bambowo anatisiya chaka chatha kumagwetsa nkhope za banja lonse, ndipo mkwatibwi sabwereranso msanga. Poimika, makolo a mkwatibwi akhale mbali ya mwana wawo, a mkwati mbali ya wawo. Musaike mkamwini phewa ndi phewa ndi apongozi ake aakazi n'kumati "yandikiranani", mukuwavutitsa onse awiri. Agogo apatseni mipando kutsogolo, akwati aime kumbuyo kwawo kapena agwade pambali, zimene kwathu n'zaulemu kale ndipo zimaoneka bwino. Akuluakulu ambiri anazolowera kuti chithunzi ndi chinthu cholemekezeka, saseka. Tolani choyamba momwemo, kenako nenani "agogo, tamuyang'anani mdzukulu wanuyu". Nkhope imasungunuka yokha.

Limbani: Ndipo pa magulu vuto lina ndi mafoni ndi anzathu aja ongofika pa ukwati kudzajambula zogulitsa pakhomo la holo. Anthu 12 pagulu, aliyense akuyang'ana kamera yake. Kukangana nawo kumangotentha mitu. Nenani mokweza mwansangala kuti "choyamba ndi changa, maso onse kuno, ndikamaliza ndikupatsani mpata", ndipo muwapatsedi masekondi 20. Gulu lililonse dinani kasanu kapena kasanu n'kamodzi, chifukwa pa anthu ambiri wina amaphethira ndithu. Kukakhala kowala, onse atsinzine, atsegule mukanena. Ana onyamula maluwa ndi mphete ajambuleni msanga, asanatope ndi kudetsa zovala. Mutsike pa msinkhu wawo, ndipo musawauze kuti aseke. Afunseni kuti m'lenzi akuonamo chiyani.

Tadala: Ndipemphe chinthu chimodzi pa kukonza zithunzi pakompyuta. Khungu lisiyeni mtundu wake. Wodzoladzola amatha ola akusakaniza kuti nkhope ifanane ndi khosi, ndiye chithunzi chikutuluka mkwatibwi wayera ngati munthu wina, khungu lasalala ngati chidole, manja ake ali akuda pamaluwa. Ntchito yonse yomumasula ija yapita pachabe, chifukwa amene ali pachithunzi si iye.

aGondwe: Alipo makasitomala amene amapempha okha kuti awayeretse, sitingabise. Koma kawirikawiri chimene akudandaula n'choti zithunzi zawo zakale zinkatuluka zakuda bii chifukwa chosowa kuwala. Mukawalitsa nkhope bwino pojambula, pempholo limachepa. Pokonza, chotsani zimene zikanachoka zokha pakatha sabata ziwiri, monga chiphuphu kapena thukuta. Zimene munthu ali nazo moyo wonse zisiyeni, pokhapokha atapempha yekha.

Mphatso: Ndathokoza kwambiri akuluakulu. Chotsala chimodzi: ngati pulogalamu yachedwa, wotsogolera mwambo akuimba foni kuti anthu adzaza mu holo, mwatsala ndi mphindi 7 zokha?

Bambo Chirwa: Musawauze akwati kuti nthawi yatha, foniyo ayankhe wina chapatali. Tengani mthunzi umene uli pafupi, ayende kawiri, aime moyang'anana, mkwatibwi payekha chathunthu kuti diresi ioneke, basi. Kenako gwirizanani ndi wotsogolera mwambo kuti perekani-perekani akafika pa gulu lalikulu, kapena mwambo ukangotha, akubwerekeni akwati mphindi 10 panja. Kuyambira cha m'ma 4:45 dzuwa limakhala lapendeka, kuwala kwafewa, ndipo iwo avina, adya, mantha atha. Koma musazengereze, mu Okutobala dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, mu Juni cha m'ma 5:20, ndipo mdima umagwa msanga. Tadala kapena woperekeza akhale pafupi ndi paudala ndi tishu, chifukwa akuchokera kovina.

Mayi Nambewe: Ndipo ngati mwapatsidwanso chinkhoswe, chigwiritseni ntchito. Pemphani mphindi 15 ndi awiriwo mwambo usanayambe, ali mu zovala zawo za chitenje. Pamenepo mudziwa amene amaphethira kwambiri, amene amaseka msanga, ndi funso limene limawagwira. Lembani mufoni, mudzawerenge m'mawa wa tsiku la ukwati musanatsike galimoto.